Tsiku Limene Lazalo Anafulatira Mkombero

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha sipuling'i ya lole. Inali nthawi ya Chitaganya, ndipo ndinali nditangomaliza maphunziro a uphunzitsi, koma mtima wanga sunali pa choko. Ndinkafuna ukalaliki ku Lusaka, malaya oyera ndi njinga yangayanga. Ndinakwera lole yonyamula mtedza kuchokera kwathu ku Fort Jameson, ndipo titafika pa Kacholola sipuling'i yakumbuyo inangoti thyo. Dalaivala anatiuza kuti aliyense apeze mthunzi wake, chitsulo china chibwera Mulungu akalola. Tinakhala pamenepo tikudya nthochi mpaka kudana nazo.

Mmawa wina panaima kagalimoto ka wansembe wachizungu, wofuna madzi othira mu injini. Anali ndi ndevu zofika pachifuwa, ndipo anthu a pamsewupo ankamutchula Bambo Chandevu. Ndiye ankayang'anira sukulu za mishoni za chigawo chimenecho. Potsegula kumbuyo kuti atenge chigubu, munagwa mpira waukulu wachikopa n'kugubuduka mpaka pamapazi anga. Ndinautola, ndinaunjanjitsa pansi kangapo, kenaka n'kuuzunguza pachala monga tinkachitira kukoleji, kumene mphunzitsi wina anatiphunzitsako basiketibolo.

"Mpira uwu mumaudziwa?" anafunsa m'Chinyanja cha m'mabuku.

Ndinati ndimaudziwa. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ulendo umene sunamutengere nthawi chifukwa ine Mulungu anandipimira pang'ono. Kenaka anati, "Mpira ndili nawo, anyamata ndili nawo, koma munthu ndilibe. Mmawa mudzaphunzitsa Sitandade 3, masana mpira." Ndinayang'ana lole yathu yopendekeka ija, ndinayang'ana makoko a nthochi, n'kuponya bokosi langa m'kagalimotoko. Lusaka ndinadzaiona patapita zaka.

Sukuluyo inali yogonera komweko, kuseri kwa mapiri a ku Nyimba. Atandionetsa bwalo ndinagwira pakamwa. Linali dothi lofiira limene amayi a mumpingo anapsinja ngati pansi pa nyumba. Mizere tinkailemba ndi phulusa, lothira m'chitini chobooledwa ndi msomali, ndipo mphepo ikawomba tinkalembanso. Mizati inali ya mopani, matabwa ake ochokera ku zitseko zakale za tchalitchi. Mikombero iwiri yoponyamo mpira anaisula ndi mkulu wina wosula makasu, kuchokera ku chitsulo cha mgolo, ndipo umodzi unali wopapatiza pang'ono moti anyamata ankautchula Waumbombo. Mpirawo unali ndi chubu m'kati ndi zingwe zomangira pakamwa pake. Tinkaupopa ndi pampu ya njinga ya a katekisiti, ndipo ukalasidwa ndi munga masewera ankaima mpaka chigamba chiume.

Koma chimene chinandidabwitsa koposa chinali anawo. Ine ndinkayembekeza ana. Ndinapeza amuna a mawu okhuthala, ena ometa ndevu ndi phale la botolo kuseri kwa khitchini. Masiku amenewo munthu ankayamba sukulu atatopa kale ndi kuweta mbuzi, choncho a Sitandade 6 ena anali amsinkhu wanga. Ndikaimba wezulo ankabwera n'kundizungulira, ine pakati ngati chitsa m'munda wa chimanga.

Ahedi athu anali a Njobvu, Mnsenga wa komweko, munthu wosaseka wamba koma wodziwa mwana aliyense ndi mudzi wake. Poyamba teremu iliyonse ankaima pamzere n'kunena lamulo limene Bambo Chandevu anaika: "Wokwatila si mwana wa sukulu. Tikakudziwa, bokosi pamutu." Ndinkaliona ngati nthabwala mpaka mwezi wanga woyamba, pamene mnyamata wina wa Sitandade 5 anasenzadi bokosi lake n'kutuluka pageti, anzake akumuyang'ana pamawindo. Anali atapezeka kuti ali ndi mkazi kumudzi. Panalibe mlandu, panalibe kupepesa.

Pakati pa zimphona zonsezo panali Lazalo Daka. Ameneyo polowa m'kalasi ankawerama, ndipo desiki yake anaikweza ndi njerwa kuti maondo alowe. Anabadwira cha ku Sandwe, makolo ake onse anamwalira, ndipo patchuthi ankapita ku Nyampande, kumene ankati kuli abale. Anali wofatsa, wosachedwa kugwira masamu. Bambo Chandevu anali atamupezera kale malo kusekondale, chinangotsala ndi mayeso a kumapeto kwa chaka. Kwa mwana wamasiye ngati iye njira zinali ziwiri zokha: mayeso amenewo, kapena mapulazi a fodya a kumwera kumene anzake onse a kumudzi anathera. Tonse pasukulupo tinkadziwa zimenezi, ndipo tinkamusunga ngati dzira.

Pamasewerawa pali munthu mmodzi amene malo ake ndi pansi pa mkombero. Timamutcha senta. Sathamangathamanga ngati tiana tating'ono ta kunja, ntchito yake ndi kulanda malo, kulandira mpira pakati pa zigongono za adani, ndi kutola uliwonse wobwerera pathabwa. Nditangomuona Lazalo ndinadziwa kuti senta ndamupeza. Koma kutalika kokha sikuponya mpira, ndipo munthu wamtali wosaphunzitsidwa amangokhala mlongoti wachitatu pabwalo.

Tinayambira kumapazi. Ndinkamuimika miyendo yotakasuka, maondo opinda, thako pansi ngati munthu wofuna kunyamula thumba la chimanga. Kenaka phazi la msomali: ukagwira mpira phazi limodzi limakhomeka pansi, linalo ndilo limazungulira. Ndinkaika tsamba la mango pansi pa phazi lokhomekalo, ndipo tsambalo likaoneka, Lazalo ankazungulira bwalo lonse akuthamanga. Sabata zoyamba anazungulira mpaka kupanga kanjira. Pambuyo pake tinaphunzira kupempha mpira ndi dzanja limodzi lotambasula, kuulandira ndi manja awiri, ndi kuusunga pansi pa chibwano zigongono zili kunja. Ndinkamuuza tsiku ndi tsiku kuti mpira ukatsikira m'chiuno wasanduka wa anthu aafupi ngati ine. Pofuna kumuzoloweza mdani wamtali, ndinkamanga chiguduli pansonga ya nsungwi n'kumamuwopseza nacho kumaso. Ana a m'makalasi aang'ono ankabwera kudzangoonera mphunzitsi wawo akuvina ndi nsungwi.

Zonsezi anazigwira. Chimodzi chokha ndicho chinatiyambanitsa. Senta weniweni amasewera atafulatira mkombero. Amatsamira mdani ndi msana, amamumva kumene wapendekera, kenaka amaponda phazi limodzi n'kukweza dzanja lakutali mozungulira pamwamba pa mutu, mpira n'kuchoka kunsonga za zala. Anyamata anautcha kaponyedwe kameneka chikwakwa, chifukwa mkono umayenda ngati wa munthu wotchetcha udzu. Palibe angachitchinge, pakuti thupi lonse la woponyayo lili pakati pa mdani ndi mpira. Lazalo akakhala yekha pabwalo chikwakwa chake chinali chokoma kuona. Koma muikireni munthu kumbuyo, basi, ankatembenuka kuti aone mkombero ndi maso onse awiri, mpira n'kutsikira m'chiuno, kamwana kena n'kuutsomphola.

"Lazalo, msana! Mupatse msana!" ndinkakuwa mpaka mawu kusasa.

Tsiku lina anandiyankha mwaulemu wake uja, manja kumbuyo. "Aphunzitsi, kwasu ku Sandwe nakulila mu uzimba. Munthu angalase tyani nyama ali chofulatila?"

Ndinaponya wezulo pansi ndi ukali. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine kudekha ndinalibe, ndinali mnyamata wofuna kuonetsa mzungu kuti sanalakwe kunditola pamsewu. Ndinamuyesa wamakani. Ndinkamuyesanso woumira, chifukwa sopo amene a mishoni ankagawa mwezi ndi mwezi iye sankasambira, ankamukulunga m'pepala n'kusunga m'bokosi. Akabwera kutchuthi ankachedwa, m'manja muli matuza a khasu. Zonsezi ndinkaziona, koma sindinafunse. Ine ndine Mngoni wokulira m'tauni. Kwathu munthu amapereka ng'ombe n'kutenga mkazi kupita naye kwawo, ndipo za chikamwini, zoti mwamuna amakakhala kwa mkazi n'kumalimira apongozi, ndinkangozimva ngati nkhani za kutali.

Patangotsala sabata zochepa kuti mayeso ayambe, tinaitanidwa ku Petauke kukasewera ndi sukulu ina ya paboma pa tsiku la masewera. Tinapita pa lole ya mishoni, anyamata akuimba njira yonse, fumbi lili m'mano. Tinapeza anthu adzaza, pakuti ambiri anali asanaonepo mpira woseweredwa ndi manja ndi amuna. Panali makalaliki a paboma, amesinjala, amayi ogulitsa nzimbe ndi mtedza, ana m'mitengo. Bambo Chandevu ndi a Njobvu anawapatsa mipando pafupi ndi mzere.

Anzathuwo anali ndi mavesiti abuluu. Ife tinalibe yunifolomu, choncho woimba wezulo anati kuti anthu asiyanitse, athu asewere chifuwa pamtunda. Anavula malaya n'kuwaunjika mu lole, yomwe dalaivala anapita nayo kukamwetsa mafuta. Senta wawo anali wamfupi kwa Lazalo koma wojintcha ngati mtondo, ndipo anali wochenjera. Anazindikira msanga matenda athu. Lazalo akangotembenuka, iye dzanja pampira, phaa! Chigawo choyamba chinatha tili kumbuyo, ine thukuta lili kamukamu ngati ndine ndikusewera.

Popuma ndinamukalipira monga mwa masiku onse, iye n'kuvomera monga mwa masiku onse. Kenaka tinasinthana mbali. Tsopano tinkaponyera mkombero wa kumunsi, umene unali pansi pa mtengo waukulu, pamene amayi ambiri anakhala pamthunzi kuseri kwenikweni kwa mzati.

Mpira unayamba. Mnyamata wathu wina anaulanda n'kuthamanga nawo, Lazalo akutsetsereka pakati kupita pamalo pake. Anali yekhayekha, mdani atatsala kumbuyo. Anamuponyera mpira wabwino, wofika pachifuwa. Lazalo sanautambasulire ngakhale dzanja. Anaima chiriri ngati waponda njoka, kenaka anatembenukira kumbali, n'kunjuta pansi pakati pa bwalo, dzanja limodzi litaphimba chifuwa. Mpira unamudutsa n'kukagwera kunja. Atanjuta choncho anayamba kuwomba m'manja pang'onopang'ono, mutu uli pansi.

Mutu wanga unaima. Ndinayesa kuti wathyoka, kapena dzuwa lamuzungulitsa mutu. Ana m'mitengo anaseka, koma kusekako kunazima msanga, ngati akulu awatsina. Ndinapempha woimba wezulo kuti aimitse, n'kuthamangira pamene ananjutapo.

"Wapweteka pati?"

"Sininapweteke, aphunzitsi."

"Nanga n'chiyani? Dzuka! Anthu onsewa akukuyang'ana!"

"Nipempha malaya," anatero monong'ona, osadzutsa mutu.

"Malaya? Malaya ali mu lole! Wapenga kodi?"

Ndinayang'ana kumene iye ankakana kuyang'ana. Kuseri kwa mzati, pakati pa amayi aja, panali mayi wina wachikulire, mapazi oyera ndi fumbi la ulendo, kamtolo kali pamiyendo. Anali atakokera nsalu yake kumaso n'kupotolokera kumbali. Ankaoneka kuti akufuna kuchoka, koma anthu anali atamupanikiza mbali zonse. Ndinaona zimenezi ndi maso anga awa, koma sindinamve kanthu. Ndinatsala pang'ono kumukoka Lazalo pamkono.

Amene anandigwira paphewa anali a Njobvu. Anali atavula kale jekete, ndipo ankamasula mabatani a malaya awo oyera, amene ankavala pa masiku aakulu okha. Ahedi athu, amene sindinawaonepo ngakhale atapinda mkono wa malaya, anavula pamaso pa boma lonse n'kutsala ndi vesiti.

"Mupatseni, a Jele," anandiuza motsitsa. "Musafunse zambili. Paja pakhala apongozi ake."

Mawu amenewo anandilowa ngati madzi ozizira. Apongozi. Ndiye kuti sopo uja, matuza aja, abale a ku Nyampande aja. Ndinayang'ana nkhope za anthu kuzungulira bwalo ndipo ndinaona kuti aliyense wadziwa, kuyambira amesinjala mpaka ogulitsa nzimbe, ngakhale adani athu a mavesiti abuluu. Kumeneko mkamwini sakumana maso ndi apongozi ake aakazi. Akawaona m'njira amapatukira kutchire n'kunjuta, ndipo kuima pamaso pawo chifuwa pamtunda kuli ngati kuwatukwana. Pabwalo lonselo mbuli inali ine ndekha. Kenaka ndinakumbuka bokosi pamutu, ndipo ndinacheukira kumipando. Bambo Chandevu anali chikhalire, akusisita ndevu zawo.

Lazalo anavala malayawo. Mabatani anakana kukumana, manja ake anathera m'zigongono. Woimba wezulo, Mnsenga nayenso, sanatsutse. Ndinamufunsa Lazalo ngati ndimutulutse, iye anapukusa mutu.

Zimene zinatsatira sindidzaziiwala. Tikalanda mpira, Lazalo ankathamanga mpaka pakati pa bwalo, pamenepo n'kutembenuka, n'kumabwerera chambuyo mpaka pansi pa mkombero, msana uli kwa apongozi ake. Anatsamira senta wojintcha uja, miyendo yotakasuka, thako pansi, dzanja lotambasula likupempha. Mpira unabwera. Anausunga pansi pa chibwano. Kutembenuka sakanatha, pakuti akanakumana nawo maso. Anaponda phazi, mkono unazungulira pamwamba pa mutu, maso ali m'mwamba pathabwa pokha osatsika, ndipo mpira unalowa osakhudza chitsulo.

Ndinangoti kukamwa yasa. Chinthu chimene ndinachikuwira miyezi yonse ija mpaka kusasa mawu, mayi wosadziwa n'komwe kuti mpirawo uli ndi dzina anachiphunzitsa atakhala pansi, nsalu ili kumaso. Lazalo anaponyanso chikwakwa, chinalowa. Wojintcha uja anayesa kulumpha, anayesa kukankha, koma ankangokumana ndi msana ndi malaya a ahedi. Akamuunjikira awiri, Lazalo ankapatsira mnzake amene watsala yekha, chifukwa atafulatira choncho bwalo lonse ankaliona. Anthu anayamba kukuwa, "Chikwakwa! Chikwakwa!" atamva anyamata athu akutero. Wezulo yomaliza inalira tili patsogolo. Anzake anafuna kumunyamula, iye anawakaniza n'kupita kukaima kumtunda kwa bwalo, kutali ndi mtengo uja.

Ine chimwemwe ndinalibe. Bambo Chandevu anadzuka n'kubwera pamene tinaima, a Njobvu ali pambuyo pawo, jekete pamwamba pa vesiti. Anthu anasendera pafupi. Mayi uja nayenso anali atadzuka, ataima chapatali pang'ono ndi kamtolo kake, chammbali, koma pomveka mawu.

Wansembeyo sanali munthu woipa, ndipo sanali wopusa. Anakhala m'dzikomo zaka zambiri, mwambo ankaudziwa kuposa ine. Anamugwira chanza Lazalo n'kumuyamikira. Kenaka anafunsa, "Mayi aja unawawombera m'manja ndi ndani?"

A Njobvu anayankha msangamsanga, asanapume n'komwe. "Ni azakhali ake, Bambo. Alongo a malemu atate ake. Anamulela ndiwo, amawalemekeza kwambili."

Ndinayang'ana ahedi athu, mkulu wa mumpingo, akunama masana dzuwa likuswa mtengo, nkhope ili gwa. Palibe anatsokomola. Khamu lonse lija linaima kumbuyo kwa bodza limenelo ngati munthu mmodzi.

Bambo Chandevu anatembenukira kwa Lazalo. Kenaka analankhula pang'onopang'ono, ndipo mpaka lero ndimakhulupirira kuti ankamutsegulira chitseko dala. "Lazalo, ahedi akuti ndi azakhali ako. Mayeso ali pafupi. Ndi choncho, eti?"

Sanafunikire ngakhale kutsegula pakamwa. Kugwedeza mutu kamodzi kokha kukanakwana. Ndinamuponda chala ndi nsapato yanga. Lazalo anaima atafulatira mayi uja, thukuta likudontha kuchibwano, akuyang'ana pansi. Kenaka anadzutsa mutu.

"Iyayi, Bambo. Ni apongozi anga."

Mayi wina m'khamumo anati, "Mayo ine!" A Njobvu anatseka maso. Bambo Chandevu anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Lamulo ukulidziwa. Bokosi lako tidzakutumizira." Anatembenuka n'kupita kukagalimoto kawo akuyenda ngati munthu wokalamba.

Ine ndinapsa mtima, ndipo sindibisa. Ndinamukokera pambali n'kumugwira malaya a ahedi aja pachifuwa, nditanyanyamphira kuti ndifikire. "Chitsiru iwe! Mutu wokha, kugwedeza mutu wokha! Anthu onsewa akunamira, ahedi avula malaya chifukwa cha iwe, mzungu wakutsegulira njira, iwe n'kutaya sekondale ngati khoko la nthochi?" Misozi inali ikutuluka, ya ukali ndi ya chisoni pamodzi.

Anandisiya ndimalize. Kenaka anati, "Aphunzitsi, makolo anga atafa palibe ananifuna. Amai aja ndiwo ananilandila. Akamwini anzanga alima chaka chonse, ine ananiuza kuti pitani kusukulu, munda nizalima nekha. Za lamulo ili sininawauze, nenze na mantha kuti azaniletsa. Lomba niwakane ali pomwepo, akumva na makutu ao? Pakhomo pao ningakalowe na nkhope iti?"

Ndinamusiya malaya.

Tili chiimire choncho, mayi uja anasendera pang'ono, ananjuta chammbali n'kuwomba m'manja. Mpongozi salankhula ndi mkamwini mwachindunji, amadzera mwa munthu wina, ndipo munthu amene anali pafupi ndinali ine. Anali asanamvetse bwino zimene zachitika, pakuti Chinyanja cha mzungu chinawadutsa.

"Aphunzitsi, muli tyani? Nenze namvela kuti sukulu ibwela kuno, ndiye nati niyende nekha. Muwauzeko apongozi anga kuti kunyumba kuli mlendo. Wabadwa mailo, mwanalume. Amake ali bwino." Anaseka pang'ono kuseri kwa nsalu. "Miyendo ni yao yomwe."

Ndinatembenukira kwa Lazalo, amene anamva zonse, n'kubwereza uthengawo liwu ndi liwu monga mwambo ufunira: mkazi wake wabereka dzulo, mwana wamwamuna. Chimphona chija chinanjuta pansi n'kuwomba m'manja, chikuseka, misozi ikugwera m'fumbi. Mayiwo anamasula kamtolo kawo. Munali mbatata zowotcha zimene anamunyamulira ulendo wonsewo. Anandipatsa ine kuti ndimupatsire.

Amayi ena anawakokera pambali n'kuwafotokozera za lamulo lija. Ndinaona nsalu ikugwa kumaso kwawo, manja ali pamutu. Anafuna kuthamangira kagalimoto ka wansembe, koma kanali katanyamuka kale. Lazalo anandipempha ndiwauze kuti asalire, mlandu si wawo. Ndinawauza. Dzuwa litapendeka ananyamuka kulowera ku Nyampande, mayiwo patsogolo, iye pambuyo patali ndithu monga ayenera kuyendera mkamwini, atavalabe malaya osatsekeka aja. Ife tinakwera lole. Njira yonse yobwerera ku Nyimba palibe anaimba nyimbo.

Mawa lake ine ndi a Njobvu tinapita kukagwada kwa Bambo Chandevu. Tinati mayeso okha, alembe ali kunja, agone kwa ine. Anatimvera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Uja ndinamuchotsa mwezi wanu woyamba uja, ndikamuyankha chiyani? Lazalo akanangogwedeza mutu." Anatulutsa kansalu n'kupukuta magalasi awo nthawi yaitali. Bokosi linapita pa lole ya mtedza, sopo yense ali momwemo. Patapita sabata malaya a ahedi anabwera ndi munthu wa panjinga, ochapidwa, ositidwa ndi simbi yamakala, pamene panang'ambika paphewa atasoka bwinobwino. Chaka chotsatira ndinamva kuti Lazalo wapita kumapulazi a fodya.

Tsiku la mayeso ndinali mmodzi wa oyang'anira. Desiki yokwezedwa ndi njerwa ija inali pamalo pake kumbuyo, ndipo palibe mwana anafuna kuikhalira. Ndinayenda m'mizere yonse kupatula umenewo.

Ndaphunzitsa mpirawu zaka zambiri kuchokera pamenepo, pamabwalo a dothi ndi a simenti, ndipo asenta adutsa m'manja mwanga ambiri. Tsamba la mango ndikugwiritsabe ntchito. Koma ndinasiya kuyambira kumapazi. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya lambiri: miyezi yonse ija ndinkadziwa phazi limene Lazalo amapondera, osadziwa kumene amagona patchuthi. Ndikanafunsa, mwina tikanapeza njira mwakachetechete, mwina tikanatumiza uthenga ku Nyampande mpira usanachitike. Tsopano mnyamata wamtali akabwera pabwalo langa tsiku loyamba, mpira ndimauika pambali. Ndimakhala naye pansi pamthunzi, pamene kutalika kwathu kumafanana, n'kumufunsa funso limene sindinamufunse Lazalo: "Kunyumba wasiyako ndani?"